Foni ya ambulansi m'dengu la pakhomo

Abusa, amayi busa, akulu ampingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Yesu. Aleluya! Hm, mwayankha mozizira. Palibe kanthu, ena mukudziwa kale chimene ndaimirira. Ndikufuna kuchitira umboni, koma ndineneretu, umboni wanga si wotsekemera. Miyezi isanu sindinaponde muno. Ena mumati ndagwa, ena mumati ndalowa mpingo wina ku Thambani. Sindinagwe ine. Ndinakwiya.

Kwa alendo, ine ndine Nachisale, wa komiti ya zaumoyo kuno kwa Kanduku. Foni iyi mukuiona? Si yanga, si yochezera. Anandipatsa a chipatala. Munthu akavulala, mayi woyembekezera zikamuvuta, anthu amaimbira ine, ine n'kuimbira ambulansi. Nambala yachilendo adalaivala sayankha, chifukwa kale anthu ankawanamiza, kuwazunguza mapiri onsewa pachabe. Ndiye midzi inayi yathunthu imadalira kafoni aka.

Mukukumbuka tsiku lija foni ya munthu wina inalira nyimbo ya ku Mozambiki abusa ali pakati pa ulaliki? Tinaseka tonse. Sabata yotsatira kunabwera lamulo lakuti mafoni onse azitsala m'dengu pakhomo.

Nditafika Lamulungu limenelo, a ashala olandira anthu pakhomo ananditchingira ndi dengu lija. Dzina sinditchula, akudzidziwa. Ndinati, "Bambo, iyi ndi ya ambulansi, ndiisunga pachifuwa, ikalira ndituluka mwakachetechete." Iwo akuti, "Mayi, ambulansi ndi Yesu wamkulu ndani?" Mokweza, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga, ena akuseka. Manyazi anandigwira. Ndinaiika m'dengumo ndi dzanja langa lomweli. Apo ndiye pondipweteka, abale. Ndinaopa kusekedwa, mayi wa ana asanu ine!

Nthawi imene ife timaimba muno, mlongo wanga Feliasi anali kuphiri akudula mtengo wa makala ndi mkazi wake. Mtengo unatembenuka, n'kumupsinja mwendo. Fupa panja, magazi ngati mbuzi yozingidwa. Mlamu wanga anamumanga chitenje pamwamba pa bondo n'kuyamba kundiimbira. Kuimba, kuimba, kuimba. Foni ikulira m'dengu, limene anali ataliika m'kachipinda kakuseri aka.

Ndipo musati palibe anaimva. Inamveka! A ashala anaimva, anadzuka, anapita kukaizimitsa. Ati imasokoneza pemphero. Pemphero lanji? Munthu akutha magazi kuphiri, ife tili kakaka kupempherera odwala!

Mlamu wanga atamva kuti foni yazima, anasiya mwamuna wake m'manja mwa anzake a makala amene anamva kukuwa, n'kuuyamba wapansi. Mapiri awiri, opanda nsapato. Analowa muno nthawi ya zopereka, munamuona nonse, zovala zili magazi okhaokha. "Alamu! Alamu, foni mwazimitsiranji? Achimwene anu akufa!"

Ndinakhuthula dengu lonse pansi, ndipo amene mafoni anu anasweka tsiku limenelo, sindikupepesa. Nditaimba, adalaivala akuti, "Mayi, m'mawa wonse tinangokhala. Panopa tanyamuka kumene, tikukatenga mayi woyembekezera kutali." Ambulansi inafika dzuwa litapendeka. Kuchipatala adokotala anandiyang'ana n'kuti, "Mukanabwera naye msanga, mwendowu tikanaupulumutsa." Anaudula m'munsi mwa bondo.

Ndiye mverani zimene zinandithawitsa muno. Feliasi ali chigonere kuchipatala, mawu anandipeza: "Amadziwa kuti ndi Lamulungu, amakatani kuphiri? Mulungu wamukwapula." Anthu a muno! Amayi a chigwirizano anzanga, ovala zoyera! Makala ake omwewo ndi amene mumasitira mayunifolomu anu Loweruka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Abusa, musandiyang'ane choncho, nditsiriza.

Miyezi isanu ndakhala ndi mwala pamtima. Kupemphera kumandikanika. Ndikakumana ndi a ashala aja panjira, ndimapatukira m'chimanga kuopa zimene pakamwa panga pangatulutse. Ndimadzida ndekha, ndimada inu, ngakhale Mulungu ndinamufunsa mafunso osayenera.

Koma taonani ntchito za Mulungu. Feliasi, munthu amene sanalowe m'tchalitchi chikwatirire, Lachinayi lapitali anandiitana. Ndinamupeza pakhonde akusema mipini, poti kuphiri sangapitenso. Akuti, "Achemwali, mwendo unadulidwa ndi wanga, koma wotsimphina ndinu. Ine tsiku lija ndinaona manda ndi maso, adokotala anati magazi anatsala ochepa. Ndikufuna ndipite kutchalitchi ndikathokoze Mulungu amene anandibweza. Mundiperekeza kapena ndipite ndekha?"

Ndinalira, abale. Ndinalira ngati pamaliro. Mwala uja unasuntha. Sindinama pamaso pa Mulungu kuti wachokeratu, koma unasuntha, ndipo ndi chifukwa chake mwandiona lero.

A ashala, ndakukhululukirani. Zikundivuta, koma ndakukhululukirani. Chokhacho mudziwe, foni iyi ndalowa nayo, ndi yoyatsa, ndipo m'dengu simudzaionanso. Ikalira pakati pa ulaliki ndituluka. Amene akufuna kundidula mumpingo andidule, koma mwina tsiku lina ikadzalira, woimbayo adzakhala mkazi wanu.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa sindinaike mlongo wanga m'manda. Ndikuthokoza chifukwa ana ake akadali ndi bambo. Ndikuthokoza chifukwa cha mlamu wanga ndi mapazi ake aja.

Feliasi, imirira akuone. Ali kumbuyo uko, pafupi ndi zenera. Musamugwire, amatha yekha ndi ndodo zakezo. Mwamuona? Wachoka kunyumba m'mawa, wapuma kanayi panjira, koma wafika.

Akwaya, tipatseni nyimbo yachangu. Iye kuvina sangathe. Inu nonse muli ndi miyendo iwiriiwiri, dzukani, muvine m'malo mwake. Aleluya!