Chigamba Chimene Chinadikira Mwambo

Olemekezeka a Wapampando, olemekezeka a Bwana Mkulu a kampani ino yopanga mafoni, akuluakulu otsatsa malonda amene mwadzaza mzere wakutsogolowu, ndi inu mainjiniya amene akukhazikani kumbuyo pafupi ndi khomo, nonse ndakuonani.

Mwandiitana kudzatsegula chipinda chofufuzira chitetezo cha mafoni chifukwa ndimayang'anira nyumba yobisalamo amayi othawa nkhanza za amuna awo, ndipo chaka chatha munatipatsa mabulangete. Zithunzi munajambula, ife tinamwetulira. Tathokoza.

Mmodzi wa amayiwo ndi mng'ono wanga, ndipo foni yake ndi yanuyi. Atathawa, mwamuna wake anamupeza. Tinamusamutsa mwakachetechete, anamupezanso, mpaka tinayamba kuyang'anana ndi diso lofiira tokhatokha, kufuna woulula.

Woulula anali m'thumba mwake. Mkati mwa foni muli pulogalamu yaikulu yotchedwa kenelo, imene imanyamula mauthenga pakati pa mapulogalamu enawo ngati mesenjala wa mu ofesi. Mesenjala wanuyo safunsa kuti wamutuma ndani. Kapulogalamu ka tochi kamene mlamu wanga anaikamo kalekale kankangoti, "Ndine wa mapu, mayiyu ali pati?" iye n'kuyankha mwaulemu wake wonse.

Mainjiniya anu bowo limeneli la mu kenelo analiona, chigamba chake, kapulogalamu kolitseka, anamaliza miyezi yapitayo. Koma simunachitumize ku mafoni a anthu, ndipo simunachenjeze aliyense. Nditamva zimenezi sabata yatha ndinakufunsani, a Bwana Mkulu, inu n'kuti, "Mayi, dekhani, tidzatumiza pa tsiku la mwambo, atolankhani alipo, kuti nkhani ikome."

Yakomadi! Pamene inu munkasankha maluwa a patebulopa, mlamu wanga anamupeza kachitatu. Lero mng'ono wanga ali m'chipatala, nsagwada zomanga ndi mawaya, akumwera m'kapaipi. Ndakwiya, ndipo sindibisa.

Musayang'ane pansi, a Wapampando, sindinathe. Kunyumba kwathu kuja kuli amayi ena amene agwira mafoni omwewa pakali pano. Ndiye lumo lodulira riboni ili ndiligwira chonchi, osadula, mpaka chigambacho chitapita. Iwe mwanangu wavala magalasi kumbuyoko, kompyuta uli nayo pamiyendopo, tumiza. Usayang'ane bwana, yang'ana ine.

Chapita? Basi, n'zomwezo? Chala chimodzi?

Tsono ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa. Chakudya mudye nokha, ine ndikukamwetsa mng'ono wanga.

Zikomo kwambiri.