Nyali za ku Dubai pa Msewu wa Machinjiri

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine Dafita Makwinja wa ku Machinjiri, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ndinatsala pang'ono kusiya chiwongolero poganiza kuti ndikuchita khungu.

Zinali zaka zija matipate atangobwera, maminibasi atachuluka ngati ngumbi. Ine ndinkayendetsa minibasi ya a Chikopa kuchokera mu Limbe kupita ku Machinjiri, ndipo banja langa lonse linkadya pa ntchito imeneyi. Abwanawo atapita ku Dubai kukaoda katundu, anabwerako ndi nyali zatsopano zakutsogolo, poti zakale zinali zitafooka ngati koloboyi. Zatsopanozo zinkawala mbee, moti pa siteji madalaivala anzanga ankachita kuzungulira galimoto kuzisirira. Inenso mapewa anakwera.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Kukangoyamba mdima, pa maulendo a anthu oweruka kuntchito, kumanzere kwa msewu sindinkaona patali, chonsecho ndi kumene kumayenda anthu apansi. Munthu ankangotulukira pamphuno pa galimoto ngati wagwa kumwamba. Magalimoto obwera kutsogolo nawo ankandiyatsira nyali za fulu, zounika patali zija, mpaka kundithobwa m'maso, ena kutukwana kumene, pamene ine ndili pa dimu, nyali zounika pafupi. Nyali sindinaziganizire n'komwe. Ungakayikire bwanji chinthu chowala kuposa cha aliyense? Ndinati ndi maso anga.

Madzulo ena galasi loonera kumbuyo linamenya mtolo wa nkhuni, ndipo mayi amene anausenza anagwera mu ngalande ndi mwana kumsana. Anadzuka osavulala. Mayiyo sindinamuone, abale, sindinamuone ngakhale pang'ono!

Kuchipatala anandiyeza n'kunena kuti maso alibe vuto. Apa ndiye mantha anandigwira zenizeni, chifukwa matenda osaoneka kuchipatala timadziwa dzina limene anthu amawapatsa. Alamu anga anachita kunena poyera kuti dalaivala wina wanjiru wandiponyera, tipite kwa sing'anga. Mkazi wanga Esinta anakana kwamtuwagalu, nati tisale kudya. Ine pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ngati maso apita apite, koma ndisaphe munthu. Ndinatsimikiza mtima kuti Loweruka ndikabweza makiyi, ngakhale sindinkadziwa kuti ana adya chiyani.

Lachisanu madzulo, galimoto yaing'ono imene ndinadutsana nayo inatembenuka n'kunditsatira mpaka pa siteji. Munatuluka bambo wamtali wa imvi, atavala jekete, ali ndi ukali woopsa.

"Adalaivala, mukufuna kupha anthu? Ine pang'onong'ono ndigwere kuphedi chifukwa cha fulu wanuyu!"

"Pepani bambo, koma ndili pa dimu. Bwerani muone nokha."

Anasuzumira, naona kuti sindikunama. Ukali uja unazima. Anandifunsa kumene nyalizo zinachokera, ndipo nditatchula Dubai anagwira pakamwa. Anati ndi a Msiska, kwawo ku Rumphi, ndipo anali atangobwerera kumene kuchokera ku Jeremani komwe anathawira nthawi ya chipani chimodzi. Anandiuza kuti ndilozetse minibasi kukhoma la golosale ina pafupi pomwepo, ndiyatse dimu.

Zimene ndinaona pakhomalo sindidzaziiwala. Kuwala kunali kotsika kumanzere, koma kumanja kunkakwera m'mwamba ngati denga la nyumba.

"Mwaonatu," anatero a Msiska. "Nyali imapangidwa motsata mbali imene dziko limayendera. Ku Dubai ndi ku Jeremani amayenda kumanja, ndiye nyali zawo zimaunika patali kumanja, kumene kuli anthu apansi awo. Kuno timayenda kumanzere. Zanuzi zikuunika m'maso mwa anzanu, anthu apansi n'kuwasiya mu mdima. Maso anu ali bwinobwino, achimwene."

Masabata onse aja ndikulira maso, ndikukayikira anzanga a pa siteji, chonsecho nyali zinkangogwira ntchito mokhulupirika pa msewu wa dziko la eni! Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, anthu akundiyang'ana, n'kuyamba kutamanda Mulungu mokweza. Munthu amene anabwera kudzandikalipira ndiye amene Ambuye anamutuma.

M'mawa mwake a Msiska anandiperekeza okha kwa a Chikopa. Abwanawo poyamba anatsutsa, amvekere katundu wa ku Dubai sangakhale wolakwika, koma atalowetsa minibasi m'galaja mwawo n'kuona kuwalako pakhoma, anavomera. Anagula nyali zina zochokera ku Joni, kumene amayenda kumanzere ngati ife, ndipo makiyi anakhalabe m'thumba mwanga.

Madzulo oyamba ndi nyali zoyenerazo, nditangokhotera msewu wa Machinjiri, kumanzere konse kunaoneka. Abale anga, anthu! Amayi osenza madengu ochokera kumsika, abambo okankha njinga za makala, agogo a ndodo, ana ogwirana manja, mzere wosaduka m'mphepete mwenimweni mwa phula. Onsewa ndinkawadutsa tsiku ndi tsiku osawaona, minibasi ili pa liwiro. Ndinaimika galimoto pambali n'kulira ngati mwana, okwera akufunsana kuti adalaivala amva uthenga wa maliro kapena chiyani.

Ndikuthokoza Yehova amene anandisungira ntchito ndi maso, komanso Esinta amene anagwira mwendo wa Yesu pamene ine ndinafooka. Inu amene muli pa mayesero osamvetsetseka, musafulumire kuloza chala mnzanu, ndipo musaleke kupemphera. Ine ndinapempha kuti ndisaphe munthu mmodzi, koma madzulo amenewo ndinaona ndi maso anga khamu lonse limene Mulungu ankalichotsa kutsogolo kwa matayala anga ndisakudziwa. Dzina lake lilemekezeke. Ameni.