Kasitomala wa Sitepula

Zaka zisanu ndi zinayi akuphika tiyi pakampani ya matiresi, mayi wa tiyi anatsala ndi mayeso amodzi kuti amukweze, azikayankha foni polandirira alendo. Mphunzitsi wa antchito, bambo wa tayi wothina, anatola sitepula yomangira mapepala n'kuiika kukhutu.

"Iyi ndi foni. Ine ndine kasitomala wokwiya. Yankhani."

Mayi anapinda manja. "Sinalire."

Mphunzitsi anapumira m'mwamba. "Ngriii! Ngriii!"

Mayi anasuntha kapu ya tiyi patebulo.

"Nanga?"

"Dzulo munati tiziyankha ikalira katatu."

"Ngriii!"

Mayi ananyamula kapu, n'kuigunditsa kukhutu. "Takulandirani, tikuthandizeni chiyani?"

"Matiresi amene ndinagula kwanuko aphwa sabata imodzi yokha!"

"Ayii, pepani! N'chifukwa chake mukuyenda chopendama masiku ano? Nanga alamu akugona pati?"

"Si ine! Ndi kasitomala!"

"Mpatseni foniyo ndilankhule naye."

"Kasitomalayo ndine!"

"Ndiye mukukaniranji? Kuphwa kwa matiresi si manyazi, achimwene."

Tayi anamasulidwa. "Simutuluka muno musanaphunzire. Kasitomala akafuna akuluakulu mumatani?"

"Ndimamulumikiza msanga, osafunsa zambiri."

"Eya! Tipitirize." Mphunzitsi anatembenukira kuzenera, sewero litamulowa m'magazi. "Ndikufuna bwana wanu! Pompano!"

"Dikirani pang'ono."

Mayi anaika kapu pansi. Pakona panali foni yeniyeni. Anadina nambala ya ofesi ya bwana yapamwamba, ndendende mmene anamuphunzitsira. Apa pokha sankafuna kulakwitsa.

"Bwana wanuyo ndi mbava!" mphunzitsi anakalipira zenera, sitepula ili kukhutu. "Matiresi ake ngati nyuzipepala yonyowa! Iye mimba kutsogolo, ife misana kuthyoka! Dazi lakelo ndiye chinthu chokhacho chosalala pakampani panu!"

Anacheuka akuseka, thukuta lili kamukamu. "Mwaona mmene amakwiyira? Ndiye inu muzi... Mayi, mwagwira chiyani?"

Mayi anali atatambasula dzanja, foni yeniyeni italoza kukamwa kwa mphunzitsi kuti mawu azimveka bwino. Anaibwezera kukhutu. Anamvetsera, maondo atapinda pang'ono mwaulemu.

"Inde bwana. Onse amveka, eti bwana? Zikomo bwana."

Anaiika pansi, kumaso kuli ngwee.

"Akuti chiyani?" anafunsa mphunzitsi.

"Akuti ndakhoza, ndiyambe Lolemba." Mayi anamulanda sitepula mokoma mtima, n'kumukonzera tayi. "Koma kasitomalayo akwere pompano. Akufuna amuone nkhope."