Gitala Yomvera Pachifuwa

Pasiteji ya basi panali dzuwa loswa mtengo, koma namwino wina ambulera yake anafunditsa gitala yatsopano, iye n'kumapsa. Bambo wovala ovolosi amene anaima pambali pake analephera kupirira.

"Chemwali, mwanayu ndiye mukumusamalatu. Mumaimba kutchalitchi?"

"Ine? Ngakhale poyambira sindidziwa. Ndagulira bambo anga."

"Koma iyi ndi yodulatu. Osangowagulira yotchipa bwanji?"

"Sangaimve. Makina a kufakitale anawagonthetsa, akuvutikira ife kuti tiphunzire. Yawo yakale anangoipachika pamsomali."

"Nanga iyi akaimva bwanji?"

"Pachifuwa, achimwene. M'sitolo muja ndinatseka makutu ndi thonje, n'kumakumbatira gitala iliyonse wogulitsa akuiliza. Zinazo zinangoti zii! Iyi yokha ndiyo inandinjenjemeretsa mpaka m'nthiti."

"Sanakusekeni wogulitsayo?"

"Anaseka poyamba. Nditamufotokozera, anapempha thonje nayenso, tinasankhira limodzi. Mulungu amudalitse munthu ameneyo."

Basi inatulukira. Bamboyo anadzigwira khutu.

"Chemwali, thonjelo latsalako? Nanenso ndikupita kumakina."

"Tengani lonse, achimwene. Ana anu adzakugulireni yomvera m'makutu."