Mphuno za Yosefe

Ndikupatsani moni nonse a mu mphakati wathu wa kuno kwa Kaphuka, Ambuye akhale nanu. Ine sukulu sindinapiteko, akundilembera ndi mdzukulu wanga. Ndikufuna munve za Yosefe, khanda la mwana wanga Felesita, mmene linatsalira pang'ono kutisiya chifukwa cha chimfine chabe.

Munali mu Juni, chisanu chija chimalowa ndi m'mafupa momwe. Mwana mphuno zinatsekeka zonse ziwiri. Akagwira bere amayamwa pang'ono n'kulilavula kuti apume, kenako kulira. Mapeto ake analeka ndi kulira komwe, liwombo n'kuyamba kulowa.

Ife kale mwana akatero timangoika pakamwa pamphuno pake, kuyamwa maminawo n'kulavula. Ana anga onse ndinawalera choncho. Koma chaka chimenecho mphumu inali itandigwira, ndikati ndikoke mpweya ndimangotsokomola. Felesita anayesa, koma ndi ana a masiku ano, anachita nseru mpaka kusanza. Bambo ake a mwana anali atapita ndi njinga ku Dedza kukagulitsa mbatata ya kachewere, ndiye kuchipatala tikanapita bwanji, ine wobanika, Felesita wongochira kumene? Ndinangokhala pakhonde ndi kolona, kuuza Amayi Maria kuti mwanayu ndi wanu.

Dzuwa litapendeka kunadutsa amayi ena ogulitsa kabichi, a ku Mozambiki, amene anatsalira anzawo othawa nkhondo atabwerera. Sitinkachezerana kwenikweni. Atamva kupuma kwa mwana anatula dengu n'kubwerera kunyumba kwawo, pobwera ali ndi kampira ka labala kokhala ndi kamlomo, akuti anawapatsa anamwino kumsasa wa othawa nkhondo.

Anadontheza timadzi tofunda ta mchere pang'ono m'mphuno, n'kundipatsa kampirako. Ine ndinalowetsa kamlomo kuti ndifinye, iwo gwi dzanja langa.

"Agogo, mukufuna kumupopa ngati tayala? Finyani kaye kunja, mulowetse pang'ono, ndiye mutaye."

Ndinachita momwemo. Kanangoti fyoo, ndipo zimene zinatulukamo simungakhulupirire kuti zinali m'kamphuno kakang'ono chotero. Tinatsuka, n'kubwereza mbali inayo. Yosefe anakuwa mpaka nkhuku kuthawa, kenako anagwira bere osalisiyanso. Kutacha bambo ake atabwerako ku Dedza anakweza Felesita ndi mwana panjinga kupita nawo kuchipatala, anamwino n'kuti anachita bwino kubwera naye.

Ndikuthokoza Mulungu amene anadutsitsa amayi aja pakhomo panga, pomwe njira yawo ya masiku onse ndi ya kumunsi kudambo. Inu amene muli ndi odwala m'nyumba, musaleke kupemphera, ndipo wodutsa muzimupatsa moni. Yosefe pano akuyenda chogwira khoma, ndipo bere akukanabe kulisiya.