Aphunzitsi a M'chipinda cha Makasu

Amene tikuwaperekeza lero ndi mayi athu, omwe ana ndi akulu omwe ankangowatcha Aphunzitsi a Manja. Anabadwa m'chaka cha 1961 m'nyumba za antchito a njanji. Ali ndi zaka zinayi anadwala malungo aakulu, makutu awo n'kutsekeka mpaka kalekale.

Sukulu anayamba, koma sanakhalitse. Mphunzitsi ankayankhula atawafulatira, kenako n'kuwakwapula kuti ndi mwana wamwano, sayankha. Ahedi anauza bambo awo kuti mwana wotere akangothandiza amake kunyumba. Amene anawaphunzitsa kuwerenga ndi achemwali awo, polemba ndi khala pakhonde. Chinenero chamanja anachitola kwa osamva anzawo pamsika.

Mu 1984 anakwatiwa ndi bambo athu, telala, omwe anavutikira kuphunzira chinenerochi kuti awafunsire. Mayi ankaseka kuti bambo amachita chibwibwi ndi zala.

Ntchito yawo inali yosaka ana osamva amene makolo ankawabisa m'nyumba. Sukulu yapafupi inawapatsa chipinda chosungiramo makasu ndi matsache, chopanda ndi windo lomwe. Mdima wotero, kwa ana amene amamva ndi maso! Ankaphunzitsa chitseko chili pululu, mvula ikamawomba kalasi yonse n'kunyowa.

Kenako kunabwera alendo a mabungwe a ufulu wa anthu ochokera kunja. Anawajambula mayi ndi ana a kalasi yawo, n'kuwakweza mayiwo ndege kupita kumsonkhano kumene maiko anagwirizana kuti mwana aliyense aziphunzira m'chinenero chake. Anawakhazika kutsogolo, koma womasulira panalibe. Anangokhala kuonerera milomo ikugwedera, nkhani ili ya iwo eni. Atabwerako anatiuza kuti anthu anawawombera m'manja kwambiri, iwo osadziwa chimene achita. Makalasi amene alendowo analonjeza ana osamva anamangidwadi, a mawindo akuluakulu. Lero muli maofesi, ana aja akadali kumakasu. Ena mwa inu amene munadula riboni tsiku lija mwakhala pamipando yakutsogoloyi. Tikukuonani.

Kutchalitchi anayambitsa kwaya ya osamva, yomwe mwaiona ikuimba ndi manja m'mawa uno.

Mwezi watha anayamba kumva kupweteka pachifuwa. Kuchipatala analoza pomwe pankapweteka, anapempha pepala kuti alembe, koma palibe anawalabadira. Mwana wawo wamkazi anachonderera kuti alowe akawamasulire, anamuuza kuti nthawi yoonera odwala sinakwane. Mayi anapatsidwa mankhwala a m'mimba, vuto lili la mtima. Pamene mwana uja ankaloledwa kulowa, anapeza atatsikira kale kuli chete. Pachikalata analemba kuti wodwalayo sanafotokoze bwino vuto lake. Mayi anafotokoza. Osamva anali achipatalawo.

Asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu, achemwali awo, ndi ana a kalasi yawo, amene mpaka pano palibe wawauza kuti adzawaphunzitsa ndani.

Apumule mu mtendere mayi athu. Ife otsalafe mtenderewo tilibe.