Ana a Sukulu Amene Ndinawanamizira

Linali Lachinayi, nthawi itangokwana 2 koloko masana, m'mwezi wa Julayi wa chaka chija sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Korona. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa chitsulo cha pa esiteti chinali chitangolira kuti anthu abwerere kuchigafa chosankhiramo fodya. Ine ndinali m'nyumba nditatseka chitseko ndi mpiringidzo, mwana wanga ali pamiyendo, akulephera ngakhale kulira bwinobwino. Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine si munthu wolankhula pagulu, ndipo nkhaniyi ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali chifukwa imandichititsa manyazi. Mwana wanga anatsala pang'ono kufa chifukwa cha bodza la ine mayi wake.

Ine ndi amuna anga ndife matenanti. Tinachokera ku Dedza kudzalima fodya wa bale pa esiteti ina cha ku Njombwa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma titafika kuno ndinawauza amayi anzanga kuti ndinafika Sitandade 8. Palibe anandikakamiza kunena zimenezo, ndinkangofuna kuti asandione wotsalira. Mwana wathu Takondwa anali ndi miyezi khumi.

Masabata atatu lisanafike Lachinayi limenelo, pa mjigo pathu panabwera atsikana a Sitandade 8 ochokera ku pulayimale yapafupi. Popeza sukulu inali yotseka, aphunzitsi awo anawagawa m'magulu kuti aziyenda m'midzi ndi m'maesiteti kuthandiza anthu kupewa matendawa. Anabwera ndi timasiki tosoka pamanja, ta zidutswa za nsalu zimene anapempha kwa atelala. Anazika mitengo iwiri yamphanda pafupi ndi mjigo, n'kupachikapo chigubu chomangirira chingwe, choti munthu azipondera pansi n'kusamba m'manja osagwira kanthu. Amati mpondagiya. Amayi tonse tinkaseka, tikupondapo mosinthana ngati ana.

Kenaka mtsikana wina wamfupi, dzina lake Elube, anandipatsa kamasiki, ine n'kukapisa m'chiuno mwa chitenje. Anandipatsanso pepala. Anati, "Achemwali, inu mukuoneka kuti mwachoka kusukulu posachedwa. Tawawerengerani amayiwa mokweza, ine mawu andithera."

Ndinayang'ana pepalalo. Zilembo zake zinali zing'onozing'ono, zothinana. Kuwerenga ndinkatha, koma kochita kugwira chilembo chimodzichimodzi ndili ndekha. AnaBanda, amene nyumba yawo inayandikana ndi yathu, anati, "Tiyeni nazoni amake Tako, si paja ndinu a Sitandade 8 athu pano?" Amayi onse anasiya kupopa madzi n'kumandidikira.

M'malo monena kuti sindingathe, ndinataya pepala lija pansi n'kunena kuti ndamva pa wailesi zoti matendawa akuwaika m'mapepala ndi m'timasiki timene akugawa m'midzi, kuti anthu osauka tithe. Abale anga, palibe chimene ndinamva. Mawuwo anangotuluka kuti anthu asiye kundiyang'ana.

Anasiyadi kundiyang'ana. Amayi anataya timasiki pansi, anaBanda anatitola ndi ndodo n'kutitentha pomwepo. Mpondagiya uja anauzula. Atsikana aja anathamangitsidwa akulira, ndipo a kapitawo analamula kuti asadzapondenso pa esiteti. Nditafika kunyumba ndinapeza kamasiki kaja kali m'chiuno. Ndinakasomeka kudenga, chifukwa ine ndinkadziwa kuti kalibe vuto lililonse.

Inali nyengo yosankha fodya. Amene munagwirapo ntchitoyi mukudziwa fumbi la m'chigafa mmene limakanda pakhosi. Chaka chilichonse anthu amatsokomola ndipo palibe amadabwa. Koma chaka chimenecho chifuwa changa chinakula, mwina chifukwa cha kuzizira, ndipo ndinkatsokomola mpaka kugwira pachifuwa. Amayi anayamba kunong'onezana kuti amene anagwira pepala lija nthawi yaitali ndi ine. A kapitawo anandiuza kuti ndiyambe ndakhala kunyumba. Tsiku lina nditafika pa mjigo, anaBanda anaima kutsogolo kwa chogwirira nati, "Pepani amake Tako, ifenso tili ndi ana. Munanena ndinu nomwe." Kuti ndidziteteze ndinafunika kuulula kuti ndinanama. Ndinanyamula ndowa yanga yopanda madzi n'kubwerera.

Amuna anga anali atawatumiza ku esiteti ina ya abwana cha ku Kaluluma kukadinda mabelo a fodya. Ndinatsala ndekha ndi mwana. Ndinayamba kutunga madzi pa chitsime cha kudambo, chimene timathirira nazale ya fodya, pomwe ng'ombe zimamweranso. Nkhuni zowiritsira madzi onse ndinalibe. Chomvetsa chisoni n'chakuti ndinayamba kukhulupirira bodza langa lomwe. Ndinkaganiza kuti mwina ndadwaladi Korona, ndiye ndinachepetsa kumuyamwitsa Takondwa poopa kumupatsira, n'kumamupatsa phala ndi madzi a kudambo aja.

Lolemba anayamba kutsegula m'mimba. Lachitatu maso ake analowa m'kati, liwombo nalo linalowa. Ndinapakapo mankhwala a liwombo amene apongozi anga anandipatsa kale kumudzi, koma sizinasinthe. Kuchipatala ndinkaopa, chifukwa anthu ankati munthu wotsokomola akafika kumeneko amamutsekera payekha, mwana n'kumulanda. Ndinkamva anaBanda akusinja panja pawo, mtunda woti ndikanangoitana, koma pakamwa panga panakana.

Lachinayi lija, chitsulo chisanalire, ndinagwada pamphasa. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati, "Ambuye, wolakwa ndine, mwanayu sanalakwe. Nditumizireni munthu, wina aliyense." Ndinanenadi kuti wina aliyense, koma mumtima ndinkayembekeza amuna anga kapena a mvano a kutchalitchi.

Chitsulo chitalira, pa esiteti panati zii. Kenaka ndinamva odi pakhomo. Mawuwo ndinawazindikira nthawi yomweyo kuti ndi Elube uja, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Ndinakhala chete ngati m'nyumba mulibe munthu.

Ndinamva mtsikana wina, amene ndinadzamudziwa pambuyo pake kuti ndi Tamanda, akuti, "Iwe tiyeko, safuna. Ndi omwe aja anatipitikitsa ngati mbuzi zolowa m'dimba. Akatipeza a kapitawo ine ndithawa ndekha, iwe ndi timiyendo takoto uona."

Elube anati, "Matewera onsewa pachingwe sukuwaona? Mwana akutsegula m'mimba muno." Ndiye anayandikira pachitseko nanena motsitsa mawu, "Achemwali, sitinabwere ndi pepala. Tabwera ndi madzi basi."

Nditamva mawu amenewo ndinadziwa kuti mtsikanayu akudziwa zonse. Ndinachotsa mpiringidzo ndikulira. Anali ataima patali pang'ono, atavala timasiki tawo, chigubu chachikulu cha madzi chili pakati pawo. Anati dzulo lake anandiona ndikutunga kudambo iwo akupita kumudzi wina, ndipo aphunzitsi awo atamva anawalola kuti andibweretsere madzi a pa mjigo wa kusukulu. Anachinyamula mosinthana, kudzera njira ya kuseri m'munda wa mapesi a fodya, atadikira kuti anthu onse alowe m'chigafa.

Elube atamuona Takondwa, nkhope yake inasintha. Anati, "Ili si liwombo la mankhwala achikuda ayi. Madzi amuthera m'thupi, tinaphunzira. Tamanda, thamanga ukaitane a zaumoyo, uwauze kuti ndi khanda." Tamanda uja amene ankati athawa anathamangadi, koma kulowera kwa a zaumoyo, atavula masilipasi n'kuwagwira kumanja.

Elube anandiuza kuti ndimuyamwitse. Ndinati ndikutsokomola, ndimupatsira. Anati ndisambe m'manja ndivale masiki, bere lisamusowe mwana. Anayamba kufufuza m'chikwama chake, koma timasiki tinali titamuthera. Pamenepo ndinaimirira n'kusolola kaja ndinasomeka kudenga. Anakayang'ana nati, "Aka ndinasoka ndine, onani ulusi wofiirawu. Wakuda unandithera." Anandithirira madzi m'manja, ndinavala, ndipo Takondwa anagwira bere mofooka, koma anayamwa.

Tikudikira, ndinamuuza osamuyang'ana kuti ndinawanamizira. Yankho lake ndi limene limandiliza mpaka lero. Anati, "Ndinaona milomo yanu ikugwedera pa mawu oyamba aja. Ndinalakwa ndine kukupatsani pepala pagulu osayamba ndakufunsani. Mayi anganso sawerenga, ndikanayenera kudziwa. Pepani achemwali." Mwana amene ndinamuchititsa manyazi pamaso pa anthu, amene ntchito ya manja ake inatenthedwa chifukwa cha ine, ndi amene ankandipepesa.

A zaumoyo anafika pa njinga dzuwa litapendeka, Tamanda ali pakaliyala. Anasungunula paketi ya mankhwala obwezera madzi m'thupi m'madzi a m'chigubu chija, n'kundionetsa kumumwetsa pang'onopang'ono ndi sipuni. Sanachoke mpaka mwana atakodza n'kuyamba kutsata anthu ndi maso. Anandiuza mosabisa kuti ndikanachedwa tsiku linanso bwenzi tikunena zina. Za chifuwa changa anafunsa ngati thupi likutentha ndiponso ngati ndimagwira ntchito m'chigafa. Anati chikuoneka ngati cha fumbi la fodya, komabe mawa ndipite kuchipatala ndi mwana akatione tonse, ndipo palibe adzandilanda mwana. Atsikana aja anabwerera kwawo kusanade.

Kuchipatala anandiyeza ndipo sanandipeze ndi Korona. Takondwa anachira, lero ndi mtsikana wolongolola amene amandifunsa mafunso osatha. Ine ndinalowa sukulu ya kwacha, n'chifukwa chake umboni uno ndaulemba ndi dzanja langa, ngakhale wanditengera masiku.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayang'ane bodza langa koma misozi ya mwana wanga. Ndinapempha munthu wina aliyense, Iye anasankha amene ndinkachita naye manyazi kuposa onse. Ndikuthokoza Elube ndi Tamanda kulikonse kumene ali, ndi aphunzitsi awo, ndi makolo amene analola ana awo kuyenda m'midzi nthawi imene akuluakulu tinkadzitsekera m'nyumba. Inu amene mukubisa vuto chifukwa choopa kusekedwa, musafike pamene ine ndinafika. Pempheranibe, ndipo akagogoda amene simukumufuna, tsegulani.

Nditsirize ndi zimene ndinachita m'mawa mwake, Lachisanu, ndisanapite kuchipatala. Ndinabereka Takondwa, ndinavala kamasiki ka ulusi wofiira kaja, n'kupita pa mjigo ndi ndowa yanga nthawi imene amayi amachuluka. Atandiona anayamba kusuntha ndowa zawo. Ndinaima patali ndipo ndinati, "Amayi, ine pa wailesi sindinamve chilichonse. Wailesi yathu ilibe mabatire chiyambire mvula. Sitandade 8 sindinafike, ndinalekezera 4. Pepala lija linandikanika kuwerenga, ndiye ndinawanamizira ana aja. Dzulo ndi omwewo apulumutsa mwana wanga."

Palibe anaseka, ngakhale ndinkayembekeza kuti aseka. AnaBanda anati, "Ndiye ine ndinatentheranji nsalu za ana a eni? Mayi inu, mwandichimwitsa. Ine amene sindidziwa ndi chilembo chimodzi chomwe, munkaopa kuti ndikusekani chiyani?" Anatenga ndowa yanga n'kuiika pa mjigo, nati akalankhula okha ndi a kapitawo kuti atsikana aja abwerenso.

Mitengo iwiri yamphanda ija inali idakali m'udzu pomwe anaitaya. Ndinaitola, ndinabwereka khasu, n'kuizikanso m'maenje ake omwe aja. Ndinapachikapo chigubu chaching'ono cha kunyumba kwanga, ndinapondapo n'kusamba m'manja amayi onse akuona. Kenaka ndinamangitsa mwana kumbuyo n'kuuyamba wa kuchipatala.